Kuvula Nsapato pa Khomo la Guru: Kuunika Mau Atatu a Chichewa Monga Amvekera m'Malokeshoni a Harare

1. Mau Oyamba

M'pepala lino tifuna kuunika vuto limodzi la kumasulira limene poyamba lioneka laling'ono. Munthu wolowa m'nyumba yopemphereramo ya Asikh, imene eni ake amaitcha gurdwara, ndiko kunena kuti khomo la Guru, ayenera kuvula nsapato, kusamba m'manja, kutsuka mapazi ngati ali ndi litsiro, ndiponso kuphimba kumutu. Malamulo amenewa ngosavuta kuwatsata, koma nkovuta kuwafotokoza m'Chichewa popanda kupotoza cholinga chake. Womasulira akafunsidwa kuti, "Kodi nsapatozo avuliranji?" mau amene amfikira msanga pakamwa ndi atatu: ukhondo, kupatulika ndi kuyera. Tiyesa kusonyeza kuti liu lililonse mwa atatuwa lili ndi mbali ina ya choonadi, koma palibe limene lingaime palokha, ndipo awiri mwa iwo angathe kuphunzitsa womvera zosiyana kotheratu ndi zimene Asikh akhulupirira.

Tasankha kuyesa mau amenewa pa makutu a Achewa a m'malokeshoni a Harare pa zifukwa ziwiri. Choyamba nchakuti anthu amenewa akumva Chichewa ndi makutu ozolowera Chishona. Chachiwiri nchakuti m'malo monga Mbare, Highfield, Mufakose, Mabvuku, Tafara ndi Dzivarasekwa kuvula nsapato si chinthu chachilendo, ndipo kuli kale ndi matanthauzo angapo amene apikisana. Liu limene lingapirire mayeso a kumeneko lingapirirenso kwina kulikonse kumene Chichewa chilankhulidwa.

2. Mwambo Weniweni wa Asikh

Tisanaweruze mau, nkofunika kuti tidziwe bwino chinthu chimene mauwo akufuna kutchula. Chipembedzo cha Asikh chinayamba ndi Guru Nanak (1469-1539) m'dziko la Punjab. M'chaka cha 1604 Guru Arjan anasonkhanitsa nyimbo za chipembedzochi m'buku limodzi nalikhazika m'nyumba ya Harmandir Sahib ku Amritsar. M'chaka cha 1708 Guru Gobind Singh analamula kuti iye akadzamwalira, buku limeneli ndilo lidzakhale Guru. Nchifukwa chake Asikh salitenga ngati buku wamba: amaliika pa malo okwera pansi pa denga la nsalu, ndipo anthu onse amakhala pansi pamaso pake monga akhalira anthu pamaso pa mfumu.

Malamulo a khalidwe la Msikh analembedwa m'kabuku kotchedwa Sikh Rehat Maryada, kamene bungwe la Shiromani Gurdwara Parbandhak Committee linavomereza m'chaka cha 1945. M'menemo ndimo mupezeka lamulo la nsapato ndi la kutsuka mapazi, la kuphimba kumutu, ndi loletsa kulowa ndi fodya kapena choledzeretsa. M'kabuku komweko muli lamulo lina limene omasulira aliiwala kawirikawiri, lakuti munthu wa mtundu uliwonse, wa fuko lililonse ndi wa chipembedzo chilichonse ali ndi ufulu wolowa. Ku Harmandir Sahib alendo amadutsa m'ngalande yosaya ya madzi asanaponde pabwalo, ndipo nyumbayo ili ndi makomo anayi, loyang'ana mbali iliyonse, chizindikiro chakuti salekanitsa obwera.

Pali zinthu zitatu zimene tiyenera kuzisunga m'maganizo. Choyamba, nsapato zikavulidwa sizitayidwa kutali ngati chinthu choopsa. Zimaperekedwa ku chipinda chotchedwa jora ghar, nyumba ya nsapato, kumene anthu odzipereka amazilandira ndi manja awo, kuzisunga, ndipo nthawi zina kuzipukuta fumbi. Ntchito imeneyi ndi mbali ya seva, kutumikira kopanda malipiro, ndipo olemera ndi ophunzira amailimbirana. Chachiwiri, m'chikhalidwe chakale cha India ogwira zikopa ndi osoka nsapato anali m'gulu la anthu oyesedwa odetsa, osayenera kukhudzidwa. Koma m'buku limene Asikh avulira nsapato pamaso pake muli nyimbo pafupifupi 40 za Ravidas, wosoka nsapato wa ku Varanasi. Chachitatu, Guru Nanak anatsutsa poyera chiphunzitso chakuti munthu adetsedwa ndi kubadwa kwa mwana, ndi maliro, kapena ndi kukhudza wa fuko lina. Iye anaphunzitsa kuti madzi atsuka thupi, koma mtima utsukidwa ndi kukumbukira dzina la Mulungu.

Sitikunena kuti Asikh anasunga chiphunzitsochi nthawi zonse. M'mwezi wa October 1920 oyang'anira Harmandir Sahib anakana kulandira chopereka cha karah prasad, chakudya cha ufa, mafuta ndi shuga, chochokera kwa Asikh a mafuko onyozeka. Mkangano umenewu unathandiza kuyambitsa bungwe tatchula lija m'mwezi wotsatira, ndipo unafika pa lamulo la Sikh Gurdwaras Act la 1925. Tikuona tsono kuti funso lakuti ndani woyera ndi ndani wodetsedwa linavutitsa Asikh eni ake, ndipo yankho limene analilemba m'malamulo awo ndi lakuti litsiro liri pa phazi, si pa mtundu wa munthu.

Nkhaniyi siili kutali ndi ife monga ena angaganizire. M'chaka cha 1891 Harry Johnston anabweretsa ku Nyasaland asilikari ochokera ku India motsogozedwa ndi Captain Cecil Maguire, ndipo ambiri mwa iwo anali Asikh a gulu la Mazhabi, amene makolo awo anali a fuko la osesa. Ku Limbe kuli gurdwara. Komabe Chichewa sichinakonze mau akeake ofotokozera chipembedzo chimenechi, ndipo tikafuna kuchifotokoza timabwereka mau amene anasulidwa m'tchalitchi, m'chipatala ndi pa boma.

3. Omvera Athu

Achewa, Anyanja, Ayao, Atonga ndi Angoni anayamba kupita ku Southern Rhodesia kumapeto kwa zaka za m'ma 1800, ena pansi, ena pambuyo pake pa magalimoto a Ulere kapena kudzera m'bungwe lolemba antchito limene anthu analitcha Mthandizi. Anagwira ntchito m'migodi, m'mafamu ndi m'nyumba za Azungu, ndipo amene sanabwerere kwao anatchedwa machona. Mbiri yao yalembedwa ndi Zoë Groves m'buku lake la 1900-1965 lotuluka m'chaka cha 2020, ndiponso ndi Anusa Daimon. Lokeshoni ya Harari, imene lero ndi Mbare, inakhazikitsidwa m'chaka cha 1907. Mabvuku, Tafara ndi Dzivarasekwa anamangidwa makamaka chifukwa cha antchito a m'nyumba za Azungu, ndipo zidzukulu za machona zikadali zambiri kumeneko. Malamulo aakulu a dziko la Zimbabwe a 2013 anaika Chichewa m'gulu la zinenero 16 zovomerezeka ndi boma. Izi zitipatsa udindo, pakuti chinenero chovomerezeka chifuna mabuku ndi mtanthauziramau zoyenerana ndi olankhula ake.

Mwana wokulira m'malokeshoni amenewa aona kuvula nsapato m'malo osachepera atatu. Aona Asilamu, ambiri mwa iwo zidzukulu za Ayao monga anasonyezera Ephraim Mandivenga m'chaka cha 1983, akusiya nsapato pa khomo la mzikiti ndi kusamba mwa dongosolo asanaswali. Aona a mipingo ya Apositoli, yochokera kwa Johane Masowe ndi Johane Marange m'chaka cha 1932, atavala zoyera, akupemphera pa mtetete opanda nsapato. Ndipo ngati ali wa mpingo wa CCAP, umene ntchito yake pakati pa machona inayamba ndi Mbusa T.C.B. Vlok m'chaka cha 1912 nufika pokhala sinodi m'chaka cha 1965, amva nkhani ya Mose pa chitsamba choyaka moto, m'mutu wachitatu wa Eksodo, ngakhale kuti iye mwini alowa m'tchalitchi nsapato zili kuphazi. Tanthauzo lililonse mwa amenewa liima pafupi, lokonzeka kudzaza malo amene womasulira wasiya opanda kanthu.

4. Mau Atatu

4.1 Ukhondo

(1) Vulani nsapato chifukwa cha ukhondo.

Chiganizo ichi nchosavuta ndipo sichikhumudwitsa munthu. Chilinso ndi choonadi chake: m'gurdwara anthu akhala pansi, agunditsa mphumi pansi, ndipo m'chipinda cha langar, m'mene aliyense alandira chakudya chaulere, adyera pansi m'mizere. Fumbi la mumsewu silifunika pa malo otero.

Cholakwa cha chiganizochi nchakuti liu la ukhondo linakulira m'kamwa mwa aphunzitsi ndi alangizi a zaumoyo. Likumbutsa chimbudzi, dzenje la zinyalala ndi kuwiritsa madzi. Ku Harare kulemera kwake nkoposa apa, chifukwa kolera ya 2008 ndi 2009, imene inapha anthu oposa 4,000 m'dziko lonse, inasautsa kwambiri malokeshoni monga Budiriro ndi Glen View, ndipo inabweranso komweko m'chaka cha 2018. Womvera wa kumeneko akamva (1) aganiza za matenda. Tsono adzafunsa mafunso amene (1) sangayankhe: nanga nsapato zatsopano, zongochoka m'sitolo, azivuliranji? Nanga kuphimba kumutu kuteteza matenda anji? Ukhondo ufotokoza kutsuka mapazi, koma ulephera kufotokoza mwambo wonse, ndipo usandutsa chipembedzo kukhala langizo la ku chipatala.

4.2 Kupatulika

(2) Vulani nsapato, malo ano ngopatulika.

Liu ili tinalilandira kwa omasulira Baibulo la 1922, amene analiika pa chikuto penipeni: Buku Lopatulika. Kapangidwe kake nkoonekeratu. Mneni -patula atanthauza kuchotsa chinthu pakati pa zinzake ndi kuchiika pachokha, monga tipatula mbeu pa chimanga chodya, kapena ng'ombe yodwala pa khola. Kachidutswa -ul- kali m'menemo ndi komwe tikaona mu tsekula, matula ndi vundukula, ndipo mphamvu yake ndi ya kulekanitsa. Tikawonjeza -ik- tipeza -patulika, kukhala m'mkhalidwe wolekanitsidwa. Omasulira aja anasankha bwino, chifukwa ganizo la kulekanitsa lilidi m'malamulo a Mose, m'mene wansembe afika pamene munthu wamba safika.

Koma liu lokhoza pa Eksodo silikhoza paliponse. Tikanena kuti gurdwara ndi malo opatulika, womvera wozolowera Buku Lopatulika ayembekeza malire: ayembekeza kuti pali ololedwa ndi oletsedwa, kuti pali ansembe opatulidwa, kuti pali masiku amene mkazi sayenera kuyandikira. Zonsezi malamulo a Asikh azikana. Iwo alibe unsembe wobadwa nao, ndipo Msikh aliyense wodziwa kuwerenga bwino, mwamuna kapena mkazi, angathe kuwerenga buku pamaso pa msonkhano.

Nkothandiza kuona kuti mneni -vula, mnzake wa -vala, ali m'banja lomwelo la aneni olekanitsa. Ndiye kuti mu (2) muli kulekanitsa kuwiri. Kumodzi kuchotsa nsapato pa munthu. Kwinako kuchotsa malo pakati pa anthu. Mwambo wa Asikh ufuna koyambako kokha, ndipo uchita zimenezo kuti kwachiwiriko kusachitike. Nsapato ndi chimodzi mwa zinthu zosonyeza msanga wolemera ndi wosauka. Zikatsala pakhomo, olowa afanana.

Vuto lomweli tilipeza m'liu la kachisi, limene timathamangira pomasulira dzina la nyumba yopemphereramo ya chipembedzo chachilendo. Kachisi wa makolo athu, monga wa Mbona ku Khulubvi m'boma la Nsanje, ndi malo a malire okhwima, ofikako anthu osankhidwa pa nthawi zosankhidwa. Nyumba ya makomo anayi imene idyetsa aliyense wobwera siyenera dzina limeneli popanda kufotokoza kwina.

4.3 Kuyera

(3) Vulani nsapato, malo ano ngoyera.

Akatolika anasankha liu ili m'Malembo Oyera a 1966, ndipo Baibulo limene mipingo inamasulira pamodzi, lotuluka m'chaka cha 1998, linatchedwa Buku Loyera. Tsinde la -yera ndi lakale m'zinenero za Chibantu. Tilipeza m'Kinyarwanda, m'mene kwera ndi kukhala woyera ndipo Baibulo lina litchedwa Bibiliya Yera, ndiponso m'Luganda, m'mene -eru ndi mtundu woyera. M'Chichewa matanthauzo ake ayala motere:

(4) a. nsalu yoyera (mtundu)
b. madzi oyera (opanda litsiro)
c. kunja kwayera (kuwala)
d. mtima woyera (wopanda chinyengo)
e. Mzimu Woyera (umulungu)
f. kunena poyera (pamaso pa onse)

Mwa mau atatu aja, ili ndilo liyandikira kwambiri maganizo a Asikh, chifukwa ligwirizanitsa (b) ndi (d), thupi ndi mtima, monga achitira iwo ndi liu lao la ishnan, kusamba, limene Guru Nanak analiika pamodzi ndi kukumbukira dzina la Mulungu ndi kupatsa osowa. Tanthauzo la (f) nalonso liyenerana ndi nyumba yotsekukira onse. Tikadakhala kuti tikulembera a ku Dedza kapena a ku Katete okha, tikadalandira (3) ndi chenjezo limodzi: lakuti (a) asalowerere, pakuti kuyera kwa mtundu sikuli chizindikiro cha umulungu paliponse. Ngakhale kwathu komwe, pa nsembe za mvula mtundu woyenera unali wakuda, wofanana ndi mitambo, monga anafotokozera Matthew Schoffeleers polemba za Mbona.

Koma ku Harare kuli msampha wina. M'Chishona muli mneni -era, amene ambiri amtchula -yera, ndipo tanthauzo lake si kuwala kapena kusowa litsiro. Zimenezo Ashona azinena ndi -chena ndi -tsvene. Mneni -era anena za chinthu choletsedwa, chosalidwa, choopsa kuchikhudza:

(5) a. Nzvimbo ino inoera. (Malo ano ngoletsedwa, ali ndi mizimu yake.)
b. Unoera chii? (Usala chiyani? Ndiko kuti, mtupo wako nchiyani?)

Pano sitikukamba za kumene mau awiriwa anachokera. Tikukamba za chimene khutu limva. Kwa mdzukulu wa mchona, amene Chishona ndicho chinenero cha kusukulu ndi cha mumsewu, ndipo Chichewa ndi cha agogo ndi cha kumaliro, (3) ndi (5a) amveka ngati chiganizo chimodzi. Kusiyana kwake kuoneka bwino tikaika poyera pa Chichewa pambali pa panoera pa Chishona. Poyera ndi pamene aliyense angafike naona. Panoera ndi pamene munthu safika wamba. Mau ofanana m'kamvekedwe aloza mbali zotsutsana, ndipo womasulira wochokera ku Zomba sadziwa kuti wanena zosiyana ndi zimene afuna.

Funso la (5b) lili ndi mbola yake kwa omvera athu. Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 2000 Robert Mugabe, amene panthawiyo anali mtsogoleri wa dziko, ananyoza anthu a ku Mbare kuti ngopanda mitupo, kutanthauza kuti ngobwera. Ndipo lamulo la unzika la 2001 linasiya ambiri obadwira m'Zimbabwe opanda dziko kufikira malamulo a 2013 anawabwezera ufulu wao. Chipongwe chimenecho chinali chopanda maziko, pakuti Aphiri, Abanda ndi Ambewe ali ndi ziwongo zao. Koma chinasiya chipsera, ndipo tsinde la -era kwa anthu amenewa likumbutsa mzere wolekanitsa eni nthaka ndi alendo. Nkulakwa kwakukulu kufotokoza mwambo wofafaniza mafuko ndi liu limene womvera analimva likumchotsa pakati pa anzake.

5. Nsapato ndi Ulemu Wokakamiza

Pali liu lachinayi limene tikhulupirira kuti ndilo mutu wa nkhani, ndilo ulemu. Buku la Asikh litchedwa Guru Granth Sahib, ndipo Sahib ndi dzina laulemu la mbuye. Kuvula nsapato, kuphimba kumutu ndi kukhala pansi zonse ndi machitidwe a munthu wofika pa bwalo la mfumu. Asilamu olankhula Chichewa anapeza kale njira imeneyi, pakuti kawirikawiri anena kuti Qur'an yolemekezeka. Ulemu uyankha mafunso aja amene ukhondo unalephera: nsapato zatsopano nazonso zivulidwa, ndipo mutu uphimbidwa, chifukwa nkhani si ya tizilombo.

Komabe ulemu nawonso uli ndi mbiri imene tiyenera kuiyang'ana. Liu la nsapato ndi lobwereka, lochokera ku Chipwitikizi sapato, ndipo chinthucho chinafika kwa anthu athu ngati chizindikiro cha sukulu ndi malipiro. M'nthawi ya atsamunda Mwafirika wovala nsapato ndi chipewa ankaoneka ngati wodzikweza. Allison Shutt, m'buku lake la 2015 lonena za malamulo a ulemu pakati pa mitundu ku Southern Rhodesia, asonyeza m'mene chipewa ndi nsapato zinakhalira nkhani ya mkangano m'maofesi a boma. Ku India komweko Angerezi ankafuna kuti Amwenye avule nsapato polowa m'bwalo la milandu, ndipo m'chaka cha 1862 munthu wina wa ku Surat, Manockjee Cowasjee Entee, anakana kutero, nkhani yake nimveka patali. Kwa nkhalamba ya ku Highfield imene inaimapo pakhonde la ofesi chipewa chili m'manja, mau akuti "Vula nsapato" angathe kudzutsa manyazi akale.

Kusiyana kwa maulemu awiriwa kuli pa funso limodzi: avula ndani? Pa boma ankavula wakuda yekha, Mzungu ali chivalire. M'gurdwara avula onse, ndipo wamkulu angathe kutumidwa kukapukuta nsapato za ang'ono. Msikh wolakwira mpingo apatsidwa tankhah, ntchito yolapira, ndipo kawirikawiri ndi yotsuka mbale ndi kupukuta nsapato. M'mwezi wa December 2024 bwalo la Akal Takht ku Amritsar linapereka ntchito yotero kwa Sukhbir Singh Badal, amene anakhalapo wachiwiri kwa nduna yaikulu ya Punjab. Apa tiona kuti nsapato ya mnzako siidetsa woigwira. M'maganizo a Asikh imtsuka kudzikuza.

Galamala wa Chichewa angathe kusonyeza kusiyana kumeneku popanda kuwonjeza liu. Yerekezani:

(6) a. Vula nsapato.
b. Vulani nsapato.
c. Tivule nsapato.

Mu (6a) muli liu la kapitao. Mu (6b) muli ulemu wa -ni, komabe wolankhula aima kunja kwa lamulo. Mu (6c) wolankhula alowa m'gulu la ovula, ndipo ichi ndicho chithunzi choona cha zochitika pa khomo la gurdwara. Omasulira athu asamala posankha maina, koma salabadira kwenikweni za mtundu wa mneni, pamene kawirikawiri mtima wa nkhani ukhala m'menemo.

Chenjezo lomwelo likhudza liu la seva. Kalekale liu loyenera likadakhala thangata, kuthandizana kwa abale pa munda. Koma minda ya Azungu ya ku Thyolo, Mulanje ndi Chiradzulu inasandutsa thangata kukhala ntchito yokakamiza yolipirira malo okhala, ndipo liulo silinachire. Kwa zidzukulu za anthu amene anapukuta nsapato za mabwana m'nyumba za ku Highlands ndi Borrowdale, nkofunika kunena momveka kuti uku ndi kutumikira kodzipereka, kochitira aliyense, kumene mwini sitolo achitira wantchito wake.

6. Mau Otsiriza

Potsata zimene taona, tipereka chiganizo ichi kuti anzathu achiyese ndi kuchikonza:

(7) Tisanalowe tivule nsapato ndi kuphimba kumutu polemekeza Guru. Tisambe m'manja ndi kumapazi kuti tifike pamaso pake opanda litsiro, pokumbukira kuti chofunika koposa ndi mtima woyera. Khomo ili nlotsekukira munthu aliyense.

Chiganizochi nchachitali kuposa (1), (2) ndi (3), ndipo ena adzati womasulira wasanduka mlaliki. Tiyankha kuti kutalikako ndiwo mtengo wa kunena zoona. Mu (7) ulemu uli patsogolo. Litsiro latchulidwa ndi dzina lake lenileni. Tsinde la -yera laikidwa pa mtima, pamene Chishona sichingalisokoneze, m'malo moliika pa malo, pamene limveka ngati chiletso. Ndipo -patulika tamsiya kunja.

Phunziro lake lipitirira nkhani ya Asikh. Mabuku athu otanthauzira mau, kuyambira la David Clement Scott la 1892, limene Alexander Hetherwick analikonzanso m'chaka cha 1929, kufikira Mtanthauziramawu wa Chinyanja wa 2000 wochokera ku Centre for Language Studies ku Zomba, anamangidwa pa Chichewa cha anthu okhala kwao. Tiwayamika chifukwa cha ntchito yaikulu imene anagwira. Koma Chichewa chilankhulidwanso ku Mbare ndi ku Tafara, pakati pa chinenero china champhamvu, ndipo kumeneko mau ena asintha kulemera. Amene adzalemba mabuku a Chichewa a masukulu a m'Zimbabwe adzalakwa akadzangokopera matanthauzo a ku Malawi. Pansi pa -yera payenera kukhala chenjezo la -era. Pansi pa thangata payenera kukhala matanthauzo onse awiri ndi mbiri yake. Ndipo pansi pa -patulika payenera kulembedwa kuti liuli linasankhidwa pomasulira buku limodzi, ndi kuti silikwanira pa zipembedzo zonse.

Tipempha tsono anzathu a m'mayunivesite a Zimbabwe, Zambia, Mozambique ndi Malawi kuti tigwirizane posonkhanitsa mau a chipembedzo ndi a ulemu monga alankhulidwa m'mizikiti, m'matchalitchi, pa maliro ndi m'magulu a Gule Wamkulu a m'malokeshoni a Harare, nkhalamba zimene zinabadwira kumudzi zikadali ndi moyo. Ntchito imeneyi idzatithandiza kufotokoza chipembedzo cha anzathu monga eni ake achidziwira, ndipo idzatisonyezanso m'mene chinenero chathu chakhalira pa zaka zoposa 100 za kuchona.